Kalata yotseguka kwa a Demis Hassabis, mkulu wa Isomorphic Labs

Wolemekezeka a Hassabis,

Pamene munalandira mphoto ya Nobel mu 2024, limodzi ndi a John Jumper ndi a David Baker, ambiri tinakondwera nanu. Pulogalamu ya AlphaFold inamasula mfundo yomwe inazunguza akatswiri kwa zaka 50, yodziwa mmene puloteni imapindikira, ndipo pofika 2022 munali mutaika pa intaneti maonekedwe a mapuloteni oposa 200 miliyoni kuti aliyense awaone ulere. Lero mukutsogolera kampani yofufuza mankhwala ndi luso la AI, munapangana za ntchito ndi makampani a Eli Lilly ndi Novartis, ndipo mumanena poyera kuti cholinga chanu n'kugonjetsa matenda onse. Ndalemba kuti ndikutchulireni nthenda imodzi, chifukwa ndikuopa kuti msika pawokha sudzaikumbukira.

Ndi khansa ya mkatikati mwa impso, imene madokotala amaitcha renal medullary carcinoma. Inalembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala mu 1995. Imagwira achinyamata, makamaka amuna, kawirikawiri impso yakumanja, ndipo pafupifupi onse oidwala ndi anthu amene anatengera sikoselo kwa kholo limodzi. Anthu oterewa sadwala sikoselo, ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo m'magazi. Alipo pafupifupi 300 miliyoni padziko lonse, ochuluka ndi a mu Africa muno ndi zidzukulu zawo za kunja, poti chibadwa chimenechi chinafala chifukwa chimatchinjiriza ku malungo oopsa. Ochepa kwambiri mwa iwo ndi amene amadwala khansayi, ndipo sindikufuna kuopseza banja lililonse. Koma amene yamugwira imamutenga msanga. Ambiri amapezeka nayo itafalikira kale, ndipo ngakhale ku America kumene kuli zipangizo zonse, ochuluka amamwalira pakangopita chaka ndi miyezi yochepa.

Gwero lake mukulidziwa kuposa ine, koma kalatayi akuwerenganso ena. M'selo iliyonse muli DNA yotalika pafupifupi mamita 2, yokulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone ngati ulusi wa telala pa timagudumu take. Pamene pakulungidwa zolimba, selo singathe kuwerenga malangizo. Ndiye pali gulu la mapuloteni, lotchedwa BAF kapena SWI/SNF, limene limasuntha timagudumuti kuti malo ofunika atseguke. Kafukufuku wa mu 2013 anaonetsa kuti pa makhansa 5 aliwonse a anthu, pafupifupi imodzi ili ndi chilema m'gulu limeneli. Mu khansa ya impso imene ndikunenayi, chiwalo chimodzi cha gululi, SMARCB1, chimasoweratu. Akatswiri amaganiza kuti zimayambira pakati pa impso, pomwe mpweya ndi wochepa ndipo mchere ndi wochuluka: maselo ofiira a magazi amapindika pamenepo ngakhale mwa munthu wongotengera, timitsempha timatsekeka, DNA n'kuduka.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Mankhwala ambiri a khansa amagwira ntchito potseka puloteni yomwe yalusa. Nanga mungatseke bwanji chinthu chomwe palibe? Njira yatsala ndi kufunafuna chimene selo yolumalayo yatsamira kuti ikhalebe moyo, n'kuchichotsa. Zimenezi zinatheka pang'ono ndi mankhwala a tazemetostat, amene anavomerezedwa ku America mu 2020 pa epithelioid sarcoma, khansa inanso yosowa SMARCB1. Ndipo mu 2024 gulu la a Charles Roberts, la ku St. Jude mumzinda wa Memphis, linapeza chinthu chimene chinandipatsa chiyembekezo. Linaonetsa kuti SMARCB1 ikasowa, puloteni ina yotchedwa DCAF5 imaphwasula zotsala za gulu la BAF. Atachotsa DCAF5 m'maselo a zotupa za rhabdoid, zomwe zimagwira makanda, gulu la BAF lija linasonkhananso, n'kuyamba kutsegula DNA, zotupa n'kufota mu mbewa zoyeserera. Chikusowa ndi kamankhwala kolowa bwino m'kabowo ka DCAF5, ndi kuyesa ngati kangathandizenso pa impso. Kodi imeneyi si ndiyo ntchito imene munapangira AlphaFold 3, yoonetsa mmene mankhwala amakhalira pa puloteni?

Makampani ena ali kale pa liwiro lofuna mankhwala a gulu lomweli la BAF. Foghorn Therapeutics, mothandizana ndi Lilly, ikulimbana ndi chiwalo china cha gululi, SMARCA2, pofuna kuchiza khansa ya m'mapapo yosowa chinzake, SMARCA4. Sindikuwadzudzula, odwala amenewo nawonso ndi anthu. Koma tonse tikuona chifukwa chake ndalama zalowera kumeneko: odwalawo ndi ambiri ndipo ali m'maiko olipira. Kompyuta imafufuza pomwe yalozedwa, ndipo olozawo ndi anthu a m'chipinda cha zokambirana, mmodzi mwa iwo ndi inuyo.

Mwina anzanu akuuzani kuti khansayi ndi yosowa kwambiri. Afunseni kuti anaiwerengera kuti. Kuno kwathu mnyamata wa kunyanja akaona magazi mu mkodzo, iye mwini, amayi ake ndi adokotala a pachipatala chaching'ono onse amati ndi likodzo. Amamuyeza msinkhu kapena sikelo, n'kumupatsa mapilitsi a praziquantel, ndipo nthawi zambiri amakhala alondola. Koma pa anyamata ambirimbiriwo, mmodzi amabweranso akudandaula m'nthiti, ataonda, akukodzabe magazi. Kuti zidziwike kuti ndi khansa iyi pamafunika kujambula impso, kudula kanyama, ndi mankhwala apadera opaka kanyamako kuti aone ngati SMARCB1 ilipo. Wosafika pamenepo amaikidwa m'manda popanda dzina la nthenda yake, ndipo salowa m'chiwerengero chilichonse chimene makampani amayang'ana.

Pempho langa ndi ili. Ikani DCAF5 ndi zina zimene maselo osowa SMARCB1 amatsamira pa mndandanda wa ntchito za Isomorphic Labs, ngakhale phindu lake lisaoneke. Mu 2021 kampani yanu ina, DeepMind, inagwirapo ntchito ndi bungwe la DNDi pa matenda onyalanyazidwa monga Chagas, choncho njirayi mukuidziwa. Zimene mungapeze, zabwino ndi zolephera zomwe, muziike poyera monga munachitira ndi maonekedwe a mapuloteni, kuti ofufuza a ku America ndi a ku Lilongwe apitirize. Gwirani ntchito ndi madokotala oyeza zotupa a mu Africa kuyambira pachiyambi, maina awo alembedwe pa zotsatira, ndipo odwala opereka tinyama tawo afunsidwe m'chinenero chawo. Mtengo wa mankhwalawo muukambirane tsopano, asanapezeke, chifukwa akadzafika pa sitolo zidzakhala zitachedwa.

Ndidzayamika mukayankha poyera ngati SMARCB1 ili pa mndandanda wanu.

Ine wanu,
Mlembi wa nkhani za umoyo, Lilongwe