Musaseke Wolira Galu Wake

Kuno ku Katondwe galu ndi mlonda. Masana amathamangitsa anyani m'dimba, usiku amauwa njovu zikayandikira nkhokwe. Komabe akafa, mwana kapena agogo okhala okha akamalira, ena amaseka nati, "Ndi galu cabe." Abale mwa Khristu, kumeneko ndi kuuma mtima. Francis Woyera wa ku Assisi, amene timakumbukira pa 4 October, anakonda nyama ngati abale ake.

Misa ya maliro ndi ya anthu, koma citonthozo tisamane wolira. Khalani naye, mthandizeni kukumba dzenje lakuya. Galuyo musamutaye mu Luangwa. Ngati anafa ndi zizindikiro za ciwewe, uzani alangizi a ziweto, ndipo wolumidwa athamangire ku cipatala ca Mishoni tsiku lomwelo.