Nkhuku ikufungatira m'bokosi la ku Joni

Loweruka lapitali ndinakacheza kwa msuweni wanga ku Bangwe, ndipo kuseri kwa nyumba ndinapeza thadzi lili phee, likufungatira mazira m'bokosi lachitsulo la malemu agogo athu, lija adabwera nalo kuchokera ku Joni. Nditafunsa za mapepala omwe ankakhala m'menemo, yankho lidabwera mosaphethira n'komwe: "Asuweni, zija zinali zinyalala, tidakolezera mbaula."

Zinyalalazo ndi chiphaso cha kumgodi, makalata omwe agogo aakazi ankachita kuwerengeredwa ndi aphunzitsi, komanso chithunzi cha mkuluyo ali m'suti ya mizeremizere, chipewa chili chopendekera, dzanja lili pa wailesi ngati adaipanga ndi iye. Zonsezo zidaphika nyemba.

Nkhukuyo ndilibe nayo mlandu. Mlandu uli ndi ife, ndipo mukudziwa kuti sindikunama. Tsiku lililonse timapanikizana pa depoti ya Wenela, koma imitsani mnyamata mmodzi mumufunse za amuna omwe ankalembedwa ntchito ndi Witwatersrand Native Labour Association (Wenela) kupita kumigodi ya golide, angokuyang'anani n'kubwezera maso pa foni. Mufunseni za pa 4 April 1974, pomwe ndege yobweretsa anthu kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74. Ngozi imeneyo ndiyo idachititsa Kamuzu kuletsa kulemba anthu a kumigodi, nthawi yomwe abale athu oposa 100,000 anali kumeneko. Mayina a anthu 74 aja alipo angawatchule, ngakhale asanu okha?

Chimene chimandiwawa n'chakuti anzathu amasunga zawo. Mandala House idamangidwa mu 1882 ndipo ikadali chiimire. M'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, momwe mabuku ndi zithunzi zakale zimagwiridwa ndi ulemu. Sindikuwachitira nsanje. Ndikungoti ife tikadakhala ndi mtima womwewo, bwenzi mwana aliyense wa sukulu akumudziwa Clements Kadalie, mnyamata wa ku Nkhata Bay amene mu 1919 adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, n'kusowetsa tulo azungu a kumeneko. Adamwalira ku East London mu 1951. Kuno kwawo dzina lake limamveka mwa apo ndi apo.

Chodabwitsa n'chakuti machona, omwe timawanena kuti adataya kwawo, ndiwo akugwiritsitsa. Ku Mbare mu Harare, ndi m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, zidzukulu za anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu zikuvinabe gule wamkulu, ena mwa iwo Malawi sadamupondepo. Alick Macheso, mwana wa Mmalawi, amaponyamo Chichewa m'nyimbo zake anthu n'kumavina osafunsa. Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma zikuoneka kuti mwambiwu umalasa mtima ukakhala kutali. Ife okhala pakhomo timangouloweza kuti tikhoze mayeso.

Ndipo ulendowo sudathe. Mabasi a ku Johannesburg akunyamukabe mu Blantyre muno atadzaza, ndipo makalata a masiku ano ndi mauthenga a pa WhatsApp, omwe amapita limodzi ndi foni ikabedwa mu Limbe. Agogo adatisiyira bokosi. Apaulendo a lerowa sadzasiya ngakhale pofungatirira nkhuku.

Ngati kwanu kukadali mkulu yemwe adakwerapo ndege ya Wenela kapena adapita kumigodi pa Theba, mugulireni shuga Lamulungu likudzali, mukhale naye pakhonde, mutsegule foni imujambule. Mufunseni dzina la mgodi, nambala yake ya ntchito, ndi anzake omwe sadabwerere. Mapepala ake muwachotse kufupi ndi mbaula.