Phiri la Mulanje Lisakumbidwe

Nkhani yokumba miyala ya bauxite pa Lichenya, m'phiri la Mulanje, imangobwererabwerera. Ife tikuti ayi. M'phirimu ndi momwe mumachokera mitsinje ya Ruo, Thuchila ndi Likhubula, ndipo madzi a Likhubula amamwedwa mpaka ku Blantyre. Okumba miyalawo akapalula nthaka ya pamwambapo, madziwo adzakhala matope. Mkungudza wa Mulanje, womwe sumera wokha kwina kulikonse, watsala pang'ono kutheratu, ndipo izi zikutipweteka mtima.

Mu 2025 UNESCO idaika phirili pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. M'malo molola kuti phirili likumbidwe, boma liyambe ndi kusamalira mabwinja a Fort Lister, linga la mu 1893 lomwe lidamangidwa kuti litseke njira ya ogula akapolo.