ZA UMOYO M'BANJA: Mazira Amene Mwana Wamkazi Amabadwa Nawo



M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja nkhani iyi si yachilendo. Mtsikana wakwatiwa, chaka chatha, chachiwiri chathanso, mimba osaoneka. Apongozi ayamba kuyankhula chapansipansi, anzake kugombe akuyamba ayang'ana pamimba asanapereke moni, ndipo posakhalitsa dzina loti chumba lammatirira. Ena amathera ndalama kwa asing'anga, ena banja limapasuka. Komatu ndi ochepa mwa ife amene tinauzidwapo mmene ziwalo zoberekera za mayi zimagwirira ntchito. M'kope lino tikambirana zimenezi mwaulemu koma mosabisa, pakuti safunsa anadya phula.

M'munsi mwa mchombo wa mayi muli chiberekero, ndipo kumunsi kwake kuli khomo limene mwana amatulukira. Kumanja ndi kumanzere kwa chiberekero kuli timatumba tiwiri ta mazira, kalikonse kotalika masentimita 3 kapena 4. Pakati pa kathumba kalikonse ndi chiberekero pali kanjira kopapatiza ka masentimita pafupifupi 10, kamene achipatala amati chubu.

Thupi la abambo limapanga mbewu zatsopano tsiku ndi tsiku kuyambira atatha msinkhu mpaka kukalamba. Kwa amayi si choncho ayi. Mazira onse amene mkazi adzakhale nawo amapangidwa iye akadali m'mimba mwa mayi ake. Mimba ikakwana miyezi 5, mwana wamkazi amene ali m'katimo amakhala ndi timazira tosakhwima tokwana 6 kapena 7 miliyoni. Tambiri timafota asanabadwe, kotero pobadwa amakhala nato pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Pofika nthawi yotha msinkhu kumatsala 300,000 kapena 400,000. Palibe chakudya kapena mankhwala amene angawonjezere chiwerengerochi. Nkhokwe imeneyi imadzazidwa kamodzi kokha. Ndiye kuti dzira limene munachokera inu amene mukuwerenga linayamba kupangidwa amayi anu ali m'mimba mwa agogo anu.

Kadzira kosakhwima kalikonse kamagona m'kachisa kake ka maselo amene amakadyetsa. Kuti kakhwime kayenera kuchepetsa makromozomu ake, timitolo ta malangizo a chibadwa timene timapangitsa mwana kufanana ndi makolo ake. Maselo a thupi lathu ali ndi makromozomu 46, koma dzira lokhwima liyenera kukhala ndi 23 okha, kuti likakumana ndi 23 a mbewu ya bambo akwanenso 46. Ntchito yochepetsayi imayamba mtsikana asanabadwe, kenaka imaimira panjira. Kadzira kena kamadikira choncho zaka 13, kena zaka 30, kena zaka 45. Kudikira kwa nthawi yaitaliku ndi kumene kumachititsa kuti mayi akapitirira zaka 35 azivutikirapo kutenga pakati, ndiponso kuti kupita padera kuzichuluka.

Mtsikana akatha msinkhu, kachiwalo kena ka pansi pa ubongo kamayamba kutumiza mahomoni m'magazi. Mwezi uliwonse mahomoniwa amadzutsa gulu la timazira, koma kawirikawiri kamodzi kokha ndiko kamakula kuposa tinzake, ndipo totsalato timafota. Kukatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wina uyambe, kachisa kaja kamaphulika, dzira n'kutuluka. Kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ngati kansonga ka singano. N'chifukwa chake anthu anakhala osaliona mpaka chaka cha 1827, pamene katswiri wina dzina lake Karl Ernst von Baer anaona dzira lotere m'thupi la galu.

Dzira likatuluka, kukamwa kwa chubu kumene kuli ngati tizala kumalilandira, ndipo titsitsi ta m'katimo timalikankha pang'onopang'ono. Moyo wake supitirira tsiku limodzi, pamene mbewu ya bambo imatha kudikira mpaka masiku 5. Ziwirizi zimakumana m'chubu momwemo, osati m'chiberekero. Zikakumana, dzira limayenda masiku 3 kapena 4 kukafika m'chiberekero, kumene limakhazikika patatha pafupifupi sabata. Zikapanda kukumana, khoma lofewa limene chiberekero chinakonza limasungunuka n'kutuluka ndi magazi. Umenewu ndiwo msambo. Pamoyo wonse wa mayi, mazira amene amakhwima motere ndi 400 kapena 500 okha. Nkhokwe ikatha, pakati pa zaka 45 ndi 55, msambo umaleka. Si matenda, ndipo palibe wamulodza.

Abambo amvenso ichi. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula kromozomu ya X. Mbewu ya bambo ndiyo imanyamula X kapena Y. Ikafika ya X pamabadwa mtsikana, ikafika ya Y pamabadwa mnyamata. Choncho kumusiya mkazi ati chifukwa amabereka atsikana okhaokha ndi kumulakwira.

Pa ulendo wonse wa dzira, malo osachedwa kuonongeka ndi chubu chija. Chinzonono chosachizidwa, ndiponso matenda olowa m'chiberekero pochotsa mimba kapena pochirira pamalo opanda ukhondo, amasiya zipsera zimene zimatseka njira. Ife a kunyanja tilinso ndi mdani wina amene timam'peputsa, likodzo. Tinazolowera kuliona mwa anyamata amene amakodza magazi, koma kwa atsikana limaononga mwakachetechete. Tizilombo take timatuluka m'nkhono za m'madzi odikha osaya, momwe ana athu amasamba, kuchapa ndi kutsuka mbale. Timaboola khungu, n'kukakulira m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Mazira a tizilomboti amakanirira pakhomo la chiberekero, m'chiberekero ndi m'machubu, n'kuyambitsa zilonda ndi zipsera.

Zizindikiro zake ndi kupweteka m'chinena, kuyabwa, ukazi wachilendo ndi kutaya magazi pogonana. Popeza zikufanana ndi za matenda opatsirana pogonana, mtsikana wosalakwa amatha kunenedwa kuti ndi wachiwerewere, pamene nthendayo anaitenga akutsuka mbale za amayi ake.

Machubu onse awiri akatsekeka, dzira ndi mbewu sizikumana ngakhale mayiyo azisamba bwinobwino mwezi ndi mwezi. Chubu chikatsekeka pang'ono, mimba imatha kukhazikika momwemo, ndipo ikamakula chubucho chimang'ambika, mayi n'kutaya magazi m'kati. Mayi amene wadumphitsa msambo ndipo akumva ululu woopsa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba kapena chizungulire, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti kuche.

Mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amapha tizilomboti, koma sachotsa zipsera zakale. Madzi akatayika saoleka. Choncho akamagawa mankhwalawa kusukulu kapena m'mudzi, tisawabise ana athu aakazi. Kumene kuli mjigo tizisamba madzi a pamjigo, ndipo madzi a m'nyanja osamba tiziyamba tawasunga mu ndowa masiku 2 kuti tizilombo tife. Tiphunzitse ana kusakodzera m'madzi. Alangizi nawonso aziuza anamwali kuti msambo woyamba ukungosonyeza kuti mazira ayamba kudzuka, koma chiuno chikadakula, ndipo lamulo la dziko lathu sililola ukwati munthu asanakwane zaka 18.

Kwa banja limene latha chaka osaona mimba, malangizo athu ndi akuti mwamuna ndi mkazi apitire limodzi kuchipatala. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linanena kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumanapo ndi vuto losabereka, ndipo m'mabanja ambiri vutolo limapezeka mwa mwamuna. Kuyeza mbewu ya bambo n'kosavuta kusiyana ndi kuyeza machubu a mayi. Apongozi ndi alamu, m'malo monyoza, perekani ndalama ya ulendo wa kuchipatala.

Mpaka tidzakumanenso m'kope likudzali, Allah asunge mabanja athu. Wassalaam.