Mkamwini ndi Mtengwa Ochokera Kunja: Kodi Adzakhala Alendo Mpaka Liti?



1. Ife amene Mpingo udatipatsa udindo woona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino tikukulonjerani mu dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. M'kalata ino tifuna kulingalira nanu za abale ndi alongo athu ochokera ku maiko ena amene adamanga banja ndi nzika za Malawi. Timapemphera nawo, timalima nawo, ndipo ana awo adabatizidwa m'matchalitchi mwathu. Komabe ambiri a iwo alibe chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndiponso alibe unzika. Pamudzi ndi abale, koma pamaso pa malamulo akadali alendo.

Mmene zinthu zilili

2. Malire a dziko lathu adalembedwa ndi atsamunda, ndipo adadula pakati pa mitundu ndi mabanja. Msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Achewa a m'maiko atatu amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. N'zosadabwitsa tsono kuti mnyamata wa ku Chipata amakwatira ku Mchinji, ndipo mtsikana wa ku Milange amatengwa ku Mulanje. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, tidalandira anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ena adatsala muno chifukwa cha ukwati.

3. Munthu wopanda mapepala amakhala mwamantha. Ntchito yolembedwa imamuvuta kupeza, ndipo chitupa cha unzika, chimene chakhala chofunika pa zinthu zambiri kuyambira mu 2017, sangachilandire. Mwamuna kapena mkazi wake akamwalira, achibale olanda chuma amamuopseza kuti akamunenera ku boma. Mu 2023, pamene boma lidabwezera othawa kwawo ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, mantha adagwiranso mabanja amene bambo kapena mayi ndi Mmalawi.

Zimene malamulo akunena

4. Malamulo aakulu oyendetsera dziko a mu 1994 ndi omveka bwino. Ndime 20 imaletsa tsankho, ndime 22 imati banja liyenera kutetezedwa ndi boma, ndipo ndime 24 imapatsa amayi ufulu wofanana ndi wa abambo, kuphatikizapo pa nkhani ya unzika. Koma lamulo la unzika la mu 1966 lidalembedwa ndi maganizo akuti mkazi ndiye amatsata mwamuna. Lidatsegulira njira ya unzika mkazi wakunja wokwatiwa ndi Mmalawi, osapereka njira yofanana kwa mwamuna wakunja wokwatira Mmalawi. Lidatinso mayi wa ku Malawi amene walandira unzika wina chifukwa cha ukwati akhoza kutaya unzika wakwawo pakatha chaka chimodzi.

5. Maganizo amenewa si achikhalidwe cha ambiri a ife. Pakati pa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja pali chikamwini: mwamuna ndiye amasiya kwawo nakamanga nyumba kwa mkazi, ndipo ana amakhala a mbumba ya mayi. Makolo athu sadafunse mkamwini kuti wabadwira tsidya liti la mtsinje. Ankafunsa ankhoswe ake, khalidwe lake ndi khama lake pa khasu. Nanga lamulo la dziko likanirenji mkamwini amene mudzi udamulandira kale?

6. Tikuyamika kuti lamuloli lidasinthidwa mu 2019 kuti Amalawi athe kukhala ndi unzika wa maiko awiri. Ichi chidaonetsa kuti malamulo a unzika akhoza kukonzedwa. Ku Botswana, mayi Unity Dow, amene adakwatiwa ndi mwamuna wa ku America, adapambana mlandu mu 1992 wotsutsa lamulo loletsa amayi okwatiwa ndi alendo kupatsira ana awo unzika, ndipo dzikolo lidasintha lamulolo mu 1995. Nafenso tiyenera kumaliza ntchito imene tidayamba.

Kuwala kwa Mau a Mulungu

7. Rute adali Mmowabu, mkazi wamasiye wa Mwisraele. Adasankha kukhala ndi apongozi ake ku Betelehemu, adakunkha m'munda wa Bowazi, ndipo akuluakulu a mzinda adachitira umboni ukwati wake poyera. Mlendo ameneyu ndiye adabala Obedi, agogo ake a mfumu Davide, ndipo dzina lake lili mu mndandanda wa makolo a Yesu (Mateyu 1:5). Malamulo a Mose adalamula Aisraele kusamala mlendo ngati mbadwa, pokumbukira kuti iwonso adali alendo ku Ejipito (Levitiko 19:33-34). Ambuye nawonso adaletsa munthu kulekanitsa mwamuna ndi mkazi amene Mulungu wawamanga pamodzi (Mateyu 19:6). Ofesi imene imasunga pempho la banja zaka ndi zaka osayankha imalekanitsa banjalo mwakachetechete.

Za maukwati achinyengo ndi katangale

8. Ena akuti kufewetsa njira kudzachulukitsa maukwati achinyengo, omangidwa pongofuna mapepala. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo boma lili ndi ufulu wofufuza. Koma mankhwala a chinyengo ndi kufufuza mwachilungamo, osati kutsekera khomo aliyense. Ndipo tisaiwale komwe chinyengo chachikulu chidaonekera: mu 2020 bwalo lalikulu la milandu lidapeza nduna yakale yoona za m'dziko yolakwa pogwiritsa ntchito udindo wake molakwika pa nkhani yopereka unzika ndi ziphaso kwa alendo. Njira ikakhala yamdima, wandalama amadutsa msanga, pamene mlimi amene wakhala pa banja zaka 30 amabwezedwa pakhomo.

Pempho lathu

9. Tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti aunikenso malamulo onse a unzika ndi a anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kuti pasatsale ndime yosiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Tikupempha nthambi yoona za olowa ndi kutuluka kuti ilengeze m'zilankhulo zathu zofunika zonse, mitengo yake, ndi nthawi imene wopempha ayenera kuyankhidwa. Kuti wokanidwa aziuzidwa chifukwa chake m'kalata. Ndiponso kuti thandizoli lifike m'maboma a m'malire, anthu osauka asamathere ndalama pa ulendo wa ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. Popeza lamulo la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa kutchalitchi ndi wa pachikhalidwe, umboni wa ankhoswe, mafumu ndi atsogoleri a mipingo uzilemekezedwa.

10. Kwa inu mabanja okhudzidwa tikuti: lembetsani ukwati wanu, lembetsani kubadwa kwa ana anu, sungani bwino mapepala, ndipo musapereke chiphuphu kwa wina aliyense. Maparishi athu asunge mosamala mabuku a maukwati ndi a ubatizo, ndipo athandize ofuna makalata a umboni. M'miphakati mwathu tifunsane: ndani pakati pathu akukhala mwamantha chifukwa cha mapepala? Tikumbukirenso ana athu amene adakwatira ndi kukwatiwa ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Britain. Zimene tikuwafunira kumeneko, tiyambe ndife kuchitira alendo athu kuno, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Banja Loyera la ku Nazarete, limene lidakhalapo mlendo ku Ejipito, lipempherere mabanja athu onse. Mulungu adalitse Malawi.

Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse, ndipo ikambidwe m'miphakati.