Kukana kutuluka mu ofesi: malire amene Japan yaika

Kuyambira pa 1 Epulo 2025, mzinda wa Tokyo uli ndi lamulo loletsa makasitomala kuzunza anthu ogwira ntchito m'masitolo ndi m'maofesi a boma. Khalidweli kumeneko amalitchula kuti kasuhara: kutukwana wogulitsa, kuimba foni kosalekeza pa nkhani imodzimodzi, kukhazikika pamalo olandirira anthu mpaka ntchito kuima. Mu Juni chaka chomwecho, nyumba ya malamulo ya Japan inalamula olemba ntchito onse kuti aziteteza antchito awo ku nkhanza zotere.

Lamulo la Tokyo lilibe chilango, chifukwa zilango zilipo kale m'buku la malamulo a milandu la dzikolo. Ndime 234 imalanga wosokoneza ntchito ya ena mwa mphamvu: ndende mpaka zaka 3 kapena chindapusa chofika 500,000 yen. Woopseza kapena kumenya wogwira ntchito ya boma amagwa mu ndime 95. Mu 2013, ku Sapporo, mayi wina anamangidwa atakakamiza ogulitsa m'sitolo ya zovala kugwada pansi pomupepesa.

Ndime imene yandikhalitsa pansi ndi ya 130. Munthu walowa mu ofesi mwachilungamo, chitseko chili chotsekula, dandaulo lake n'lomveka. Sanamenye munthu, sanaswe kanthu. Koma akauzidwa kuti atuluke, iye n'kukana popanda chifukwa chomveka, wapalamula: zaka mpaka 3 kapena 100,000 yen. Mlandu suli m'zimene akudandaulazo ayi, uli m'kukakamira pamalopo.

Mbali imodzi ndikugwirizana nazo. Mlembi wa pa windo si amene anataya chikalata chanu, ndipo mukamukalipira tsiku lonse, amene akuvutika ndi agogo ali kumbuyo kwanu pamzere, amene anadzuka tambala woyamba. Koma lamulo lotere ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Wantchito waulesi angalisandutse chotsekera pakamwa: mwangofunsa kachitatu, iye akuti mukusokoneza ntchito. A ku Tokyo anaziona zimenezi, n'chifukwa chake analembamo kuti lamulo lawo lisagwiritsidwe ntchito popondereza ufulu wa makasitomala.

Kuno kwathu ku Mozambique, ndime 79 ya Constituição imapatsa nzika iliyonse ufulu wopereka pempho ndi dandaulo kwa akuluakulu oyenera, ndipo maofesi a boma amayenera kukhala ndi buku lolembamo madandaulo, lija timati livro de reclamações. Ndiye kuti njira ina ilipo, yoposa kukakamira pa benchi. Vuto ndimaliona pa ntchito yanga yokonzekeretsa aphunzitsi a sukulu za akuluakulu. Mayi amene wangophunzira kumene kulemba dzina lake sangadzaze tsamba m'Chipwitikizi. Kwa iye, kukweza mawu ndi kukana kuchoka ndiyo kalata yokhayo imene angathe kulemba. Kumulanga musanamupatse womulembera n'kulanga kusaphunzira.

Pakali pano, mukauzidwa kuti mutuluke, tulukani, ngakhale mtima ukuwawa. Musanachoke, funsani dzina la amene wakuyankhaniyo, sungani tsiku ndi ola, ndipo pemphani bukulo. Ngati kulemba kukuvutani, bwererani mawa lake ndi mwana wa sukulu kapena mphunzitsi wa m'mudzi mwanu, akulembereni m'mawu anu, akuwerengereni musanasaine.