Ulendo wa ndawala wa ku America: nkhani yagona pa tenti ndi chimbudzi

Pa 1 Marichi 2014 gulu la anthu lidanyamuka wapansi mumzinda wa Los Angeles, kumadzulo kwa dziko la America, ndipo lidakafika ku Washington pa 1 Novembala chaka chomwecho. Mtundawo ndi wa makilomita pafupifupi 4,800. Cholinga chawo chidali kudzutsa boma ndi anthu a dzikolo pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Mwini ganizoli, a Ed Fallon, omwe kale adali phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Iowa, ankayembekezera anthu 1,000. Amene adakhalitsa pamsewu adali makumi owerengeka chabe, ndipo amene adauponda mtunda wonse osakwerako galimoto tingawawerenge ndi zala.

Nyuzipepala zimakonda tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika, chifukwa ndi pamene pamakhala zikwangwani ndi nyimbo. Ife tikufuna tiime pa masiku a pakati, amene palibe amawajambula.

Tsiku linkayamba mbandakucha. Munthu apinde tenti yake, aponye chikwama m'lole yonyamula katundu, amange matuza a dzulo, kenako ayambe kuyenda makilomita oposa 20. Kumayambiriro adadutsa m'chipululu cha Mojave, kumene madzi akumwa amachita kuwerengera. Patsogolo padali mapiri a ku Colorado, kenako minda ya chimanga ya ku Nebraska ndi Iowa m'nyengo yotentha, ndipo pofika kumapeto chisanu chidali chitayamba. Akafika pogona, ntchito siinathe. Ena aphike chakudya cha gulu lonse, ena atsuke mapoto, ena akalankhule ndi anthu a m'tauni imene afikamo. Magetsi otchajira mafoni ankachokera ku dzuwa. Pogona padali paliponse pamene eni malo alola: pabwalo, pamunda wa mlimi, kapena m'nyumba yopemphereramo.

Chimene chatikhudza kwambiri ndi chimbudzi. Anthuwa ankakoka zimbudzi zawo pangolo kumbuyo kwa galimoto, zosafuna madzi, zimene zonyansa zake zimasanduka manyowa. Wina angaseke kuti nkhani yotere ikupezeka m'ndemanga ya mkonzi. Koma munthu sungauze dziko kuti lisamale chilengedwe pamene iwe ukusiya uve patchire lililonse limene wagonapo. Ndipo ife a m'mbali mwa nyanja, amene tidaika m'manda abale athu pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, sitifuna wina wotiphunzitsa kuti gulu la anthu lopanda chimbudzi limathera kuti. Tsiku ndi tsiku padayenera kupezeka munthu wosamalira zimbudzi zija. Kwa ife, ameneyo adanyamula uthenga wa ulendowu koposa wolankhula pa chimkuzamawu.

Sikuti zonse zidali myaa. A Fallon adalemba buku lotchedwa Marcher, Walker, Pilgrim, ndipo sabisa kuti m'gululi mudali mikangano ndi kusowa kwa ndalama. N'zosadabwitsa. Anthu otopa, osiyana misinkhu ndi makhalidwe, odyera mbale imodzi kwa miyezi 8, sangalephere kupondana zala. Padalinso funso lovuta kuliyankha: mukudzudzula utsi, nanga magalimoto onyamula katundu wanuwa akuyendera chiyani? Mu Sepitembala ambiri a iwo adakwera basi kukalowa nawo zionetsero zazikulu za ku New York, kumene pa 21 mweziwo kudasonkhana anthu oposa 300,000, kenako adabwerera kukapitiriza ulendo. Ife sitikuwaweruza pa zimenezi. Zangoonetsa kuti ngakhale munthu wofunitsitsa sathawa msanga m'dziko loyendera mafuta.

Tsono n'chifukwa chiyani banja la ku Makanjira, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota liyenera kulabadira za anthu oyenda pamsewu wa kutsidya kwa nyanja yamchere? Choyamba, dziko la America ndi limene latulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka koposa mayiko onse chiyambire nyengo ya mafakitale, pamene gawo la Malawi ndi kadontho chabe. N'koyenera kuti eni utsiwo ndiwo atupe mapazi. Chachiwiri chikutiwawa kuchinena. Moyo umene anthuwa adausankha okha, wogona m'tenti, wopima madzi, wodikira chakudya pamzere, ndi womwewo umene namondwe wa Freddy adaugwetsera pa anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku America aja adali ndi tsiku lomalizira lolembedwa pakalendala, ndi nyumba yobwererako. Mayi amene adagona m'kalasi ya sukulu ndi ana ake nyumba itapita ndi madzi sadauzidwe tsiku lotuluka, ndipo lole yomunyamulira katundu padalibe, popeza katunduyo adali atakokoloka kale.

Kodi ulendowu udasintha kanthu? Tisanamizane: palibe lamulo limene tingaloze n'kunena kuti lidabadwa chifukwa cha mapazi awo. Pangano la ku Paris lidadza mu Disembala 2015 ndi manja a anthu ambiri, ndipo America yomweyo idadzatulukamo mu 2020 n'kubwereramo mu 2021. Phindu limene tikuliona ndi laling'ono koma lenileni: m'matauni mazana amene adadutsamo, anthu wamba adacheza maso ndi maso ndi mlendo wafumbi amene wayenda miyezi kudzawauza nkhani imodzi. Munthu amatha kuzimitsa wailesi, koma mlendo amene wamupatsa madzi amamumvera.

Achinyamata athu nawo ayamba kukonda maulendo a ndawala, ena odzala mitengo, ena osonkhetsa thandizo. Sitikuwaletsa. Tikungopempha makolo ndi atsogoleri kuti akabwera kudzatsanzika, musayambe ndi kufunsa za malaya olembedwa ndi atolankhani. Afunseni kumene adzatunge madzi, amene adzaphike, kumene atsikana adzagone motetezeka, ndi dzina la munthu amene wavomera kusamala chimbudzi pa tsiku lachitatu.